Bokosi Limene Alamu Anasiya

1.

Analisiya okha.

Mukamufunsa Enelesi za bokosi lija, yankho ndi lomwelo, ndipo sakuyang'anani kumaso poyankha. Analisiya okha. Abale a mwamuna wake, malemu Wedisoni Kachingwe, anabwera ndi lole kuchokera ku Ntcheu, maliro atangoikidwa kumanda a konkuno ku Bangwe, nasesa nyumba yonse ngati kukubwera alendo. Koma bokosi la kompyuta linatsala. Bokosi lachitsulo, lotuwa, lolemera ngati mphero, limene Wedisoni anagula pa okishoni ofesi ina itatopa nalo. Linafika m'nyumbamo lili nkhalamba kale, ndipo m'nyumbamo linakalambanso kachiwiri.

2.

Zimene anakweza pa lole:

firiji
masofa
bedi ndi matiresi ake
pulinta
mbaula yamakala
suti ya ukwati
makatani, ndi misomali yomwe
mbale zimene Enelesi anapatsidwa ndi amayi ake omubereka
sikirini ya kompyuta

Sikiriniyo anainyamula a Laitoni, mkulu wake wa Wedisoni, ataikumbatira pachifuwa ngati khanda. Kompyuta ndi iyi, anawauza anyamata a pa lole, muisamale. Kwa a Laitoni kompyuta inali chinthu chowalacho basi. Za bokosi limene limakhala pansi pa tebulo likulira ngati chigayo chakutali, sanafunse n'komwe.

Mlamu, anatero potsanzika, mukanatisiyira mwana bwenzi tikukambirana zina.

Mwana panalibe. Ndiye kwa iwo panalibenso chokambirana.

3.

Musaganize kuti bokosilo linali chokongoletsa m'nyumba. Ndilo linkawadyetsa. Pakhonde paja Wedisoni anali pakamwa, Enelesi anali zala. Wedisoni ankakopa anthu pamsewu ndi nthabwala zake, Enelesi ankataipa: mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati, makalata ofunsira ntchito, nyimbo za kwaya ya amvano.

Amalume ake a ku Thyolo sanachedwe kuimba foni. Mwana wa mlongo wanga, tauni si ya mkazi wopanda mwamuna. Bwera kuno. Kuli bambo wina, mkazi wake anamwalira, munda wa nthochi ali nawo, ana osowa mayi ali nawo.

Enelesi ankawadziwa bambowo. Ankadziwanso chimene chinamalizitsa mkazi wawo uja.

Nkhani yake inali yosavuta kumva. Bokosi likayenda, Enelesi akhala ku Bangwe n'kumadya thukuta lake. Bokosi likafa, akwera basi ya ku Thyolo.

4.

Anabwereka kasikirini kakale kwa aphunzitsi a kuseri kwa nyumba. Analumikiza mawaya. Anadina.

Kudikira.

Anateleka madzi, madzi anawira, anakasamba, anadzola, anabwerera, bokosi likadali kuganiza. Abale inu! Ngakhale gogo wa ndodo akanafika kumsika n'kubwerako.

Ndipo anthu a masiku ano sabweranso ndi pepala lolemba pamanja. Amati, ndakutumizirani pa foni, chithunzi cha malemu chili pomwepo. Bokosi la Wedisoni silinkadziwa foni, silinkadziwa intaneti, chithunzi chachikulu likachiona linkangouma. Mayi wina wa maliro anaima pakhonde mpaka miyendo kuwawa, kenako anati, achemwali, thupi likunyamuka masana ano, ndikayese kwina.

Kutentha. Kulira. Kuzima.

Enelesi anapsa mtima. Analikulunga m'chitenje bokosilo, nalisenza pamutu, ulendo wa ku Limbe.

5.

Che Jafali amakonza makompyuta m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu, magalasi ali pamphuno, kachipewa koyera kali pamutu. Analiyang'ana bokosilo kutsogolo, kumbuyo, nalizunguliza. Mbali imodzi inali yonyekera m'kati.

Apapa anakhalirapo ndani, mayi?

Analisiya okha.

Sindinafunse zimenezo.

Enelesi anapinda chitenje chimene anakulungira bokosilo.

Mayi, ndikuuzeni chilungamo. Ichi chinatha. Anzake onse anapita kale kwa ogula zitsulo. Chiikeni m'manda, mupeze foni yabwino.

Bambo, kumaliro ndachokako. Kuno ndabwera kuchipatala.

Che Jafali anatsitsa magalasi namuyang'ana bwinobwino mayiyu. Kenako anaseka, natenga sikuludiraiva. Atatsegula, fumbi linatuwitsa chipinda chonse. M'katimo munali ubweya wa fumbi, mazira a mphemvu, ndi buluzi wouma gwa, atatambasula manja pafupi ndi fani.

Mlonda wanu anafera pantchito, anatero Che Jafali. Chabwino. Sitingachite zonse lero. Tizisintha kamodzikamodzi, monga mungathere.

Muzindionetsa, anatero Enelesi. Sikuludiraivayo mundigwiritse ine. Sindikufuna kuti tsiku lina mudzadwale ine n'kugona ndi njala.

6.

Choyamba anachotsa kabatire kobulungira ngati batani la jekete, kamene kamasunga nthawi. Kanali katafa kalekale, n'chifukwa chake bokosilo m'mawa uliwonse linkadzuka likuganiza kuti ndi chaka china.

Chachiwiri, timitengo tiwiri tobiriwira totchedwa ramu. Apa ndi pamene limagwirira zinthu likamaganiza, anatero Che Jafali, ndipo lanuli lili ndi manja a khanda. Kankhani tatsopanoti mpaka timve kuti tha.

Tha.

Che Jafali anatola zakalezo kuti aponye m'katoni ya zinyalala.

Musataye.

Mayi, izi n'zakufa.

Musataye.

Anatulutsa malaya a Wedisoni, a mizeremizere, amene anapulumuka tsiku la lole chifukwa anali onyikidwa m'beseni kubafa. Anayala pamiyendo, naika kabatire, naika timitengo.

Buluziyonso.

Che Jafali anafuna kuseka koma chisoni chinawagwira. Iwonso anaikapo mkazi m'manda. Anamunyamula buluziyo ndi zala ziwiri namuika m'malayamo mwaulemu.

7.

Ife a pampopi tinaona zonse.

Tinali nawo m'nyumba ya siwa, ife. Mkazi uja analira mwamuna wake, eee, zinazi tisanamizane. Tsiku la lole lija sanadzuke pamene anakhala, kuyambira m'mawa mpaka lole kunyamuka, ngakhale kukataya madzi. Katundu akutuluka, iye osatembenuka n'komwe. Tinati, chikondi ndi chimenechi, anzathu, osati zathuzi.

Koma tsopano ndiye zafika pena. Akuti amasunga zitsulo za malemu m'malaya a malemu. Akuti muli buluzi. Amayenda ndi sikuludiraiva pamfundo ya chitenje pamene anzake timamangapo ya matemba. Mkazi wamkuluwamkulu kumatokosa mawaya! Mutu ukuzungulira uja. Akanangopita kumudzi akapume.

Tinamuuza. Anatiyankha kuti, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasenza ndowa yake, napita.

8.

Iwe Wedisoni iwe, amatero mumtima akamapukuta fumbi ndi kaburashi ka mano, iwe ndi mawa wako uja, mawa ndikawauza achimwene kuti za m'nyumba muno tinapezera limodzi, mawa ndikalembetsa, mawa tigula ina yatsopano, mawa ndipita kuchipatala kachifuwaka, mawa mawa mawa mpaka mawa linakupeza uli chigonere ndipo achimwene ako amene sanabwerepo kudzakuona uli pa bedi anadziwa msewu wa ku Bangwe tsiku limodzi lomwelo, anadziwa ndi kumene kumapezeka lole, ndipo ine amene ndinakusambitsa ndi kukutembenuza ndinasanduka mlendo wongodutsa, ndiye tamvera, sindikukwiyira kuti unafa, aliyense adzafa, ndikukwiyira kuti unandisiya ndi nthabwala zokhazokha, ndipo ndikusowa, galu iwe, ndikusowa mpaka m'mafupa, koma ku Thyolo sindipita

9.

Ulendo wina anakasintha chosungira zinthu, chija amati hadi. Yakaleyo inali njerwa yachitsulo imene inkalira kuti kekete kekete ngati khoswe ali m'denga. Yatsopano inali kanthu kopepuka, kosalira n'komwe.

Kameneka? anafunsa Enelesi. Bambo, musandipusitse.

Mangani muone.

Anamanga yekha. Che Jafali anasamutsira m'menemo ntchito zake zonse zakale, naikamonso pulogalamu yopepuka yoyenera nkhalamba, ndi kachitsulo kobaya kumbuyo kogwira intaneti ya pa foni. Enelesi anadina batani, natembenuka kuti afune pokhala.

Mayi, yayaka kale.

Bodza!

Anaseka. Kanali koyamba chimwalirire Wedisoni, ndipo kusekako kunamuwawa m'nthiti ngati ntchito imene thupi linaiwala.

Njerwa yakale ija?

Ndikudziwa, anatero Che Jafali. Musataye.

10.

Kenako magetsi anachita zawo. Anazima m'mawa, nabwerera masana ndi ukali wonse, Enelesi ali pakati pa khadi la ukwati. Phu! Kafungo ka pulasitiki wopserera kanadzaza pakhonde.

Anadina. Zii. Anadinanso. Zii.

Ngati kuti ananunkhiza ali ku Thyolo komweko, amalume anaimba tsiku lomwelo. Wamva kuwawa mokwanira, mwanawe. Bambo aja akufunsabe. Ndiwauze chiyani?

Enelesi anayang'ana bokosi lakufalo. Anayang'ana chikwama chake cha zovala chili pakona. Mantha anamugwira, asaname, mantha enieni.

Ayi.

Ayi chiyani?

Muwauze kuti ayi.

Ku Limbe anapeza kuti chapsa ndi chogawa magetsi pamodzi ndi bodi, thabwa lobiriwira lija limene zonse zimabayidwapo. Apa ndiye pathera, anatero Che Jafali, bodi ndiye msana. Koma anaona nkhope ya mayiyo, nausa moyo, nakwera pampando kukafukula pamwamba pa shelefu. Anatsitsa bodi ina, pamodzi ndi fani ndi chogawa magetsi, za kompyuta imene inagwa pa njinga n'kuphwanyika chikopa chokha. Bodiyo inali yachikale nayonso, koma yaing'ono kwa inayo ndi zaka zambiri.

Anaimanga Enelesi, waya uliwonse pamalo pake, Che Jafali atapinda manja. Asanatseke anamuonetsa timano tiwiri tating'ono pakona ya bodi. Batani likadzafa, mudzagunditse sikuludiraiva apa ndi apa nthawi imodzi. Imayaka ndithu.

Zopsererazo, ndi fani yakale yomwe, anakulunga m'malaya. Mtolo unali utakula tsopano, manja a malayawo ankavuta kumanga.

11.

Za Wedisoni zimene zinatsala m'bokosimo:

chikopa chachitsulo
batani
kunyekera kuja

Ukaipa dziwa nyimbo. Kunja linali lotuwa lomwe lija, ana ankaliseka, koma linkatsegula chithunzi munthu asanamalize kupereka moni. Anthu anabwerera pakhonde. A maliro, a ukwati, a kwaya, anyamata ofuna ntchito za ulonda. Enelesi ankakonza, n'kutengera pa fulashi kukapulintitsa kumsika, ndipo pansi pa khadi lililonse ankalemba tizilembo tating'ono: Enelesi, Bangwe, ndi nambala ya foni.

Tizilembo timeneto ndi timene tinamuitanira mlendo. Khadi lina la ukwati linakwera basi mpaka ku Ntcheu, linafika m'manja mwa a Laitoni. Kwawoko sikirini ija inali pa tebulo chikhalire, yofunditsidwa kansalu koluka, yosayakapo ngakhale kamodzi. Munthu wina anali atawauza kale, akuseka, kuti anatenga nkhope n'kusiya mutu.

12.

Anafika dzuwa lili paliwombo, jekete la Wedisoni lili pathupi. Amayi a pampopi anasiya ndowa zawo nabwera kufupi, ngati akufuna mthunzi.

Enelesi anawapatsa mpando. Anagwada, nawapatsa madzi akumwa. Ulemu wonse anaupereka, wosasiyako.

Mlamu, sindichedwa. Pali katundu wa m'bale wanga amene anatsalira muno.

Alipo, alamu.

A Laitoni anadabwa. Anali atakonzekera mkangano, mawu ake atawasanja m'basi monse.

Tinasaka nyumba yonse tsiku lija. Bokosi la kompyuta linali kuti?

Munalisiya nokha.

Chabwino. Ndalitsata. Ndi la m'bale wanga, anagula ndi m'bale wanga, mwana palibe. Amayi inu ndinu mboni, sindikulanda kanthu. Ndikufuna cha m'bale wanga basi.

Mwamva, amayi? anatero Enelesi. Cha m'bale wawo basi.

Tamva, anayankha a pampopi, mitima ili m'mwamba. Ena anayamba kale kumumvera chisoni.

Enelesi anazimitsa kompyuta. Analowa m'nyumba, natuluka ndi lichero ndi mtolo wa malaya a mizeremizere. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa sikuludiraiva.

13.

Ichi n'changa.

Timitengo ta ramu tinalowa m'lichero.

Ichi n'changa. Ichi n'changa. Ichinso.

Kosungira zinthu kopepuka kaja, kabatire, kachitsulo ka intaneti, chogawa magetsi, fani, ndipo pomaliza bodi yonse, ataigwira m'mbali ndi manja awiri. Bokosi linatsala pululu.

Mlamu, mukuchita chiyani?

Dikirani, alamu, sindinathe.

Anamasula manja a malaya.

Ichi n'cha m'bale wanu.

Bodi yopserera inabwerera pamalo pake, sikuluwu iliyonse m'bowo mwake. Njerwa ya kekete kekete. Timitengo ta manja a khanda. Kabatire kakufa. Chogawa magetsi chonunkha utsi. Fani yakale. Sanaponyemo mwachipongwe, ayi, anamanga bwinobwino, waya ndi waya, monga anazipezera. Pomaliza anatola buluzi wouma uja namugoneka pafupi ndi fani, manja ali chitambasulire.

Ameneyunso ndinamupeza momwemo.

Mayi wina wa pampopi analephera kupirira, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Ine ndikufuna imene ikuyenda! anakalipa a Laitoni.

Imene ikuyenda m'bale wanu sanaionepo. Mwanena nokha pamaso pa anthu. Cha m'bale wanu ndi ichi, chonse, palibe chimene ndataya.

A Laitoni anayang'ana amayi aja. Amayi aja anawayang'ananso, osaphethira. Kulisiya bokosilo kukanakhala kuvomera kuti sanabwerere za m'bale wawo. Analinyamula, likuwalemera, thukuta likutsika m'jekete la eni ake.

Malayawo? anatero ali pachipata.

Awa ndinachapa ndine.

14.

Tsopano palibe bokosi. Pali thabwa la kireti ya tomato, ndipo pathabwapo bodi yagona poyera, mawaya ali balalabalala, fani ili pamtunda ngati choseweretsa cha ana. Batani linapita ku Ntcheu.

Mnyamata wa ukwati wa Loweruka anaima pakhonde akukanda mutu. Mayi, zimenezi ziyenda?

Enelesi anagunditsa sikuludiraiva pa timano tiwiri tija.

Fani inazungulira.

Foni inalira, amalume. Anaisiya ilire mpaka itatopa, zala zake zili pa kiyibodi. Chinamuwawa, inde. Kunyekera kuja kwa pachikopa ankakukonda kuposa mmene akanauzira munthu, ndipo kunali kutapita. Anakoka malaya a mizeremizere nafunditsa mbali imene kumachokera fumbi la pamsewu, nafunsa mnyamatayo dzina la mkwatibwi.

15.

Tsiku la lole.

M'mawa, amayi akusesa pabwalo, Enelesi anapita kuseri kukasukusula, ndipo anamva a Laitoni ali pa foni paseli pa bafa. Ibwere isanakwane nthawi ya chakudya. Yaikulu, katundu ndi wambiri.

Anabwerera m'nyumba ya siwa. Munalibe munthu. Anakoka bokosi pansi pa tebulo, naligoneka chammbali pakona yake ya namfedwa, nayalapo bulangete, nakhalapo, nadzifunditsa zitenje mpaka kumapazi.

Namfedwa sadzutsidwa. Ngakhale wankhanza chotani sangauze mkazi amene waika mwamuna dzulo kuti taimirirani tione chimene mwakhalira.

Firiji inatuluka. Bedi linatuluka. Mbale za amayi ake zinadutsa pamaso pake zikugundana. Iye anakhala. Chitsulo chinanyekera pansi pake kuti phwa, iye anakweza kulira kuti asamve, amayi onse anamulandira nyimbo. Kona ya bokosi inamudya ntchafu mpaka kutuluka magazi. Miyendo inafa dzanzi. Chikhodzodzo chinadzaza mpaka kuona nyenyezi masana. A Laitoni anaima patsogolo pake, sikirini ili pachifuwa, maso akuyendayenda m'makona.

Pepani, mlamu.

Analira mokweza. Ndipo misoziyo inali yeniyeni, musamunamizire, ankalira Wedisoni ndi mtima wonse, atakhalira chakudya chake cha mawa.

Lole inalira. Inatsika msewu, inakhota pa chigayo, phokoso linatha.

Amayi anati, mwanawe, tadzuka tsopano, uwongole miyendo.

Yambani mwatuluka, anatero. Ndikufuna kutsala ndekha pang'ono.

Anatuluka, natseka chitseko.

Enelesi anagwira khoma, naimirira.